Lipoti: kuyesa mapulogalamu a AUTOSAR ndi modelo ya QuickCheck, ndi vuto la bit imodzi pa CAN

Chiyambi cha ntchitoyi

Galimoto ya masiku ano imayenda ndi timakompyuta tambirimbiri totchedwa ECU: kena ka injini, kena ka mabuleki, kena ka zitseko ndi magalasi, kena ka wailesi. Timakompyutati sitichokera ku kampani imodzi. Wopanga galimoto amagula kuno ndi uko, n'kudzatilumikiza pa mawaya amodzi. Kuti tizimvana, mu 2003 makampani monga BMW, Bosch, Continental, DaimlerChrysler, Siemens VDO ndi Volkswagen anayambitsa mgwirizano wa AUTOSAR, womwe umalemba malamulo a momwe pulogalamu ya pansi, yotchedwa Basic Software, iyenera kuchitira mu ECU iliyonse. Malamulowo ali m'zikalata za PDF, m'Chingerezi, ndipo kampani iliyonse imawerenga payokha n'kulemba khodi yake m'chinenero cha C.

Anthu awiri akawerenga chiganizo chimodzi samva mofanana nthawi zonse, ndipo kusiyanako sikuonekera pa tebulo la wolemba khodi. Kumadzatulukira ma ECU atalumikizidwa kale m'galimoto, nthawi yoti kukonza kwakwera mtengo. Volvo Cars inafuna njira yoyesera khodi ya wogulitsa aliyense isanailandire. Ntchitoyo inagwiridwa ndi Quviq, kampani ya ku Gothenburg m'dziko la Sweden imene John Hughes ndi Thomas Arts anayambitsa mu 2006, mothandizana ndi bungwe la kafukufuku la m'dzikomo lomwe pa nthawiyo linkatchedwa SP. Chida chawo chinali QuickCheck, chopeka mayeso a mapulogalamu mwachisawawa, chomwe Koen Claessen ndi Hughes analemba m'chinenero cha Haskell ku yunivesite ya Chalmers n'kuchifalitsa mu 2000. Mtundu wa Quviq ndi wa m'chinenero china, Erlang.

Ziwerengero zomwe Hughes anapereka mu 2016 ndi izi: masamba pafupifupi 3,000 a zikalata anasandutsidwa mizere pafupifupi 20,000 ya modelo (pulogalamu yotsanzira malamulo a m'zikalatazo), modeloyo inayesa mizere pafupifupi 1 miliyoni ya C yochokera kwa ogulitsa 6, panapezeka mavuto oposa 200, ndipo oposa 100 mwa amenewa sanali mu khodi ya wogulitsa koma m'zikalata za AUTOSAR zomwezo, pomwe mawu anali osamveka bwino kapena otsutsana. Chiwerengero chomalizachi chisaiwalike, chifukwa chimasintha momwe munthu ayenera kuwerengera mayeso olephera.

Woweruza ndi ndani

Kuyendetsa pulogalamu n'kulemba zomwe yatulutsa si kovuta. Chovuta n'kudziwa ngati zomwe yatulutsazo n'zolondola. Pa mayeso olembedwa pamanja, munthu amalemba yekha yankho loyembekezeka: ndikatumiza ichi, pabwere ichi. Zimatheka pa mayeso makumi angapo. Zikafika zikwi munthu amatopa, n'kuyamba kukopera zomwe khodi yatulutsa n'kuzitcha yankho lolondola. Pamenepo khodi ikudzizenga yokha mlandu n'kudzimasula yokha.

Akatswiri amalitcha vutoli kuti la oracle, kutanthauza woweruza wodziwa yankho loona. Njira ya Quviq inali yoti malamulo a m'chikalata alembedwenso ngati pulogalamu yaing'ono yoti kompyuta ingathe kuiyendetsa, yomwe pano tiziitcha modelo. Modelo siganizira za liwiro kapena kuchepa kwa memory. Pomwe khodi ya C imasunga mauthenga m'ma array ndi ma pointer, modelo imangokhala ndi mndandanda wamba n'kuusanja. N'chifukwa chake imafupika kwambiri, ndipo munthu amatha kuiwerenga chikalata chili pambali, mzere ndi mzere. Ikakhalapo, palibenso chifukwa cholembera yankho la mayeso aliwonse. Kompyuta imapeka masitepe mwachisawawa, imawayendetsa pa khodi yeniyeni ndi pa modelo nthawi imodzi, n'kufananiza pa sitepe iliyonse.

Zofunika kudziwa za CAN

CAN ndi njira yomwe ma ECU amalankhulirana pa mawaya awiri. Bosch inailengeza mu 1986, ndipo mtundu wa CAN 2.0 unatuluka mu 1991. Makaniko akalumikiza makina ake pa soketi ya OBD ya mapini 16 pansi pa chiwongolero, pini 6 ndi pini 14 ndiwo mawaya amenewa. Pa CAN 2.0, uthenga uliwonse umanyamula ma byte osapitirira 8 (byte imodzi ndi ma bit 8, ndipo bit ndi 0 kapena 1) ndipo umayamba ndi nambala yake, ID.

ID imagwira ntchito ziwiri: ndi dzina la uthenga, komanso ndiyo imanena woyenera kupita patsogolo. Ma ECU awiri akayamba kutumiza nthawi imodzi, aliyense amaika ma bit a ID yake pa waya, kuyambira yapamwamba, kwinaku akumvetsera. Pa CAN, 0 imafafaniza 1. Amene waika 1 koma wamva 0 amadziwa kuti wagonja, amaleka, n'kudikira. Choncho nambala yaing'ono ndiyo imapambana, ndipo okonza galimoto amapereka manambala aang'ono ku mauthenga osafunika kuchedwa.

ID yoyambirira ili ndi ma bit 11, omwe amapereka manambala 2,048. Atachepa, anawonjezera ID yaitali ya ma bit 29, ya manambala oposa 536 miliyoni. Mitundu iwiriyi imaloledwa pa waya umodzi. Mu AUTOSAR yonse iwiri imasungidwa m'nambala imodzi ya ma bit 32, ndipo bit yapamwamba kwambiri imayatsidwa ngati chizindikiro chakuti ID imeneyi ndi yaitali. Bit imeneyi si mbali ya ID ndipo sipita pa waya.

Mu ECU, uthenga umadutsa m'magawo angapo a Basic Software: umatsika kuchokera ku gawo la COM, kudutsa PduR, kufika ku CanIf, kenako ku driver ya Can yomwe imalankhula ndi hardware. Hardware ili ndi timabokosi tochepa totumizira. Bokosi likakhala lodzaza, Can_Write, function ya driver yolandira uthenga, imabweza CAN_BUSY, ndipo CanIf imasunga uthengawo pa mzere wodikira. Uthenga wa m'bokosi ukatuluka, driver imaitana CanIf_TxConfirmation, ndipo CanIf iyenera kusankha pa mzerepo uthenga woyenera kupita patsogolo pa onse.

Momwe modelo imamangidwira

Choyamba ndi kaundula wa momwe zinthu zilili pa nthawi iliyonse. Pa CanIf kaundulayo amasunga zochepa: ngati gawoli layambitsidwa, ngati controller (hardware ya CAN) ili pa STOPPED, STARTED kapena SLEEP, ngati njira yotumizira ili yotsegula, uthenga womwe uli m'bokosi, ndi mndandanda wa odikira. Kaundula akayamba kufanana ndi ma struct a khodi ya wogulitsa wina, ndiye kuti wolemba modelo wasuzumira mu khodi m'malo mwa chikalata, ndipo modeloyo idzakana ogulitsa ena popanda chifukwa.

Kenako function iliyonse ya gawolo imalembedwa ngati sitepe, ndipo sitepe iliyonse imayankha mafunso anayi. Kodi sitepeyi n'njololedwa panopa? Imeneyi ndi precondition. Mwachitsanzo CanIf_TxConfirmation siyenera kuitanidwa m'bokosi mulibe kanthu, chifukwa driver yeniyeni sichita zimenezo. Kodi zolowetsa zake zisankhidwa bwanji? Kodi kaundula asintha motani ikatha? Nanga khodi iyenera kubweza chiyani? Lomalizali ndi postcondition, ndipo ndi pamene chiweruzo chimachitikira.

Pa mapulogalamu amtunduwu zobwezedwa zimanena zochepa. CanIf_Transmit imangobweza E_OK kapena E_NOT_OK, pamene CanIf_TxConfirmation sibweza kalikonse. Khalidwe lenileni lili m'zomwe gawoli limaitana kwa anzake. Choncho driver ya Can ndi PduR zimachotsedwa, m'malo mwake n'kuikamo zonamizira, zotchedwa ma mock. Mock imalemba aliyense woiitana ndi zomwe wabweretsa, ndipo imayankha zomwe modelo yailamula. Modelo ikamadziwa kuti bokosi n'lodzaza, imauza mock ya Can_Write kuti ibweze CAN_BUSY. Pa sitepe iliyonse modelo imanenanso maitanidwe omwe ikuyembekeza: pa TxConfirmation, PduR idziwitsidwe kuti uthenga wapita, ndipo Can_Write iitanidwe kamodzi ndi uthenga wakutiwakuti. Kuitana kowonjezera, kosowa, kapena kokhala ndi ID ina, konseko ndi kulephera.

Khodi ya C imamangidwa pa kompyuta wamba, osati pa ECU, n'kulumikizidwa ndi Erlang kuti function iliyonse iziitanidwa kuchokera ku mayeso. Imayendetsedwa mu process yakeyake, kuti ikagwa chifukwa cha pointer yolakwika mayeso asagwe nayo limodzi. Ulendo uliwonse wa mayeso umayamba ndi memory yoyera. Izi zikanyalanyazidwa, zotsalira za ulendo wapitawo zimalepheretsa ulendo wotsatira, ndipo kulepherako sikubwerezeka ukakuyendetsa pakokha.

Pali msampha wina pa kasankhidwe ka masitepe. Kompyuta ikamasankha function iliyonse mofanana, nthawi zambiri controller imakhala itazimitsidwa ndi sitepe ina yam'mbuyo, ndiye CanIf_Transmit imangobweza E_NOT_OK. Mayeso zikwi amadutsa onse, koma mzere wodikira sunakhalepo ndi mauthenga awiri. Mankhwala ake ndi kupereka kulemera kosiyana: kutumiza kuchuluke, kutsimikizira kuchepeko kuti mzere uzikula, kuzimitsa kukhale kwa apo ndi apo. Ndipo zimenezi siziyenera kungoganiziridwa. QuickCheck imatha kuwerenga ndi kusindikiza kuti ndi maulendo angati omwe mzere unafika pa 0, pa 1, pa 2 ndi kudzaza. Ziwerengerozi ziyenera kuonedwa munthu asanakhulupirire kuti zonse zadutsa.

Kulephera, ndi kupeta kwake

Mayeso opekedwa mwachisawawa akalephera amakhala aatali ndi odzaza zinyalala. Tinene kuti ulendo wa masitepe 60 walephera pa sitepe ya 47. Mwa masitepe amenewo, ochepa okha ndiwo ali ndi mlandu. QuickCheck imachita zomwe zimatchedwa shrinking, zomwe zili ngati kupeta: imachotsa sitepe imodzi kapena gulu la masitepe, imaona ngati otsalawo akadali ololedwa malinga ndi ma precondition, n'kuyendetsanso. Zikalepherabe, sitepeyo inali mankhusu ndipo imatayidwa. Zikadutsa, imabwezeredwa. Imachitanso chimodzimodzi ndi zolowetsa, kuzichepetsa mpaka pomwe kuchepetsa kwina kulikonse kumazimitsa vutolo. Apa ndi pamene precondition yolembedwa mosasamala imapweteka: kupeta kumatha kuchotsa CanIf_Init, khodi n'kugwa pa chifukwa china, ndipo wofufuza amalandira mlandu wosiyana ndi woyamba uja.

Pa khodi ya CAN ya wogulitsa mmodzi, zotsala pambuyo pa kupeta zinali zazifupi chonchi, monga momwe Hughes anafotokozera. Tumizani uthenga 1 (nambalayi ndi ID yake), ukulowa m'bokosi. Tumizani uthenga 2, ukudikira. Tumizani uthenga 3; ukudikiranso. Tsimikizani kuti 1 wapita. Modelo inayembekeza kuti wotsatira ndi 2. Khodi inatumiza 3.

Kufupika kwake ndi kumene kunaloza chifukwa. Uthenga 2 unali ndi ID yaitali. Ndi bit ya chizindikiro yoyaka, unasungidwa ngati 0x80000002 (0x ikusonyeza nambala yolembedwa m'njira ya hexadecimal), yomwe ndi 2,147,483,650. Khodi inafananiza manambala awiriwa momwe analili, osazimitsa kaye bit ija. Poti 3 ndi yaing'ono kuposa 2,147,483,650, uthenga 3 unapita. Zotsatira zake n'zakuti uthenga uliwonse wa ID yaitali unkakhala kumbuyo kwa uthenga uliwonse wa ID yaifupi, posatengera kufunika kwake.

Vuto lotere ndi lovuta kuligwira m'galimoto chifukwa palibe chomwe chimatayika. Uthenga umafika, kungoti mochedwa, ndipo kuchedwako kumaoneka pokhapokha waya utatanganidwa. Pa liwiro la ma kilobit 500 pa sekondi, uthenga wa ID yaifupi wa ma byte 8 umatenga mpaka ma bit 135, omwe ndi ma microsecond 270. Mauthenga 10 akaudumpha, wofunikawo wachedwa ndi ma millisecond 2.7. Koma mzere ukamalandirabe mauthenga aafupi osalekeza, kudikirako kulibe malire, ndipo masamu onse omwe okonza galimoto anachita otsimikizira kuti uthenga wakuti udzafika m'nthawi yake amakhala opanda ntchito, chifukwa anawerengera kuti ECU iliyonse imatulutsa wofunika kwambiri poyamba.

Mayeso apamanja sanaligwire chifukwa pamafunika zinthu zitatu nthawi imodzi: bokosi lodzaza, odikira awiri a mitundu yosiyana, ndipo wa ID yaitali akhale woyenera kupambana. Wolemba mayeso amatsata chikalata mutu ndi mutu. Ma ID aatali amawayesa pa mutu wake, mzere wodikira pa mutu wake. Kusakaniza mitu iwiriyi sikumubwerera m'maganizo, pamene kompyuta yosankha mwachisawawa imasakaniza chilichonse.

Kuzimitsa bit kokha sikukwanira

Apa pakufunika kuima pang'ono, chifukwa kukonza koonekeratu kumasiya vuto lina. Wolemba khodi amazimitsa bit yapamwamba, amafananiza 2 ndi 3, mayeso amadutsa. Koma pa waya ID yaitali sifananizidwa ndi yaifupi ngati manambala wamba. Ma bit 11 apamwamba a ID yaitali ndiwo amapikisana ndi ma bit 11 a ID yaifupi, ndipo ma bit 18 otsalawo amabwera pambuyo. Tengani ID yaifupi 0x100, yomwe ndi 256, ndi ID yaitali 0x500, yomwe ndi 1,280. Mukangozimitsa bit, 256 ndi yaing'ono, ndiye yaifupi ipita. Koma ma bit 11 apamwamba a 0x500 mu ma bit 29 onse ndi ziro, choncho pa waya yaitaliyo ndiyo imapambana. Kufananiza kogwirizana ndi waya kumafuna kuti ID yaifupi ikankhidwe kumanzere ndi ma bit 18, kuti 0x100 ikhale 0x4000000, kenako ndi pamene ifananizidwe. Ma bit 11 aja akafanana, uthenga wa ID yaifupi ndiwo umapambana, chifukwa pa malo otsatira iwo umaika 0 pamene wautali umaika 1.

Ngati modelo yalembedwa ndi kuzimitsa bit kokha, ndipo khodi nayonso yatero, awiriwa adzagwirizana mpaka kalekale ndipo mayeso onse adzadutsa. Kugwirizana kwa khodi ndi modelo kumangotsimikizira kuti olemba awiri anamva mofanana. Choncho mzere wa modelo wosanja mauthenga uyenera kuwerengedwa ndi munthu wodziwa CAN pa waya, ndipo lamulo lomwe wasankha lilembedwe poyera pambali pake.

Oganiziridwa atatu

Khodi ndi modelo zikasiyana, wolakwa akhoza kukhala khodi, modelo, kapena chikalata. Pa masabata oyamba a modelo yatsopano, wolakwa kawirikawiri ndi modelo, ndipo kutumiza malipoti kwa wogulitsa pa nthawi imeneyi kumangomuphunzitsa kuti asamawakhulupirire. Ndondomeko yabwino ndi iyi. Yendetsaninso mayeso opetedwawo kangapo kuti muone ngati akulephera nthawi zonse. Pezani m'chikalata lamulo lomwe modelo yatsamirapo. Malamulo a AUTOSAR ali ndi manambala, ndipo mzere uliwonse wa modelo uyenera kunyamula nambala ya lamulo lake. Ngati palibe lamulo lotero, modelo yapeka zake. Ngati lilipo, fufuzani m'zikalata za magawo oyandikana nawo, chifukwa chikalata cha CanIf ndi cha driver ya Can zimatha kunena zosiyana za malire omwewo. Pomaliza yendetsani mayeso omwewo pa khodi ya ogulitsa ena. Asanu akachita mofanana ndipo mmodzi yekha wasiyana, mlandu ukupendekera kwa iyeyo. Akagawanika atatu kwa atatu, kapena onse akatsutsana ndi modelo m'njira zosiyanasiyana, chikalata ndicho sichinalankhule momveka, ndipo nkhaniyo iyenera kupita kwa eni ake a muyezo wa AUTOSAR kuti agamule. Kukhala ndi ogulitsa 6 kunali chida pachokha.

Cholakwa chofala cha modelo ndi kukhwimitsa pomwe chikalata chasiya ufulu. Tengani CanIf_Transmit itaitanidwa ndi nambala ya uthenga yosadziwika komanso pointer yopanda kanthu. Pali zolakwa ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi dzina lake lomwe limaperekedwa ku Det_ReportError, function yolandira malipoti a zolakwa. Ngati chikalata sichinanene chomwe chiyenera kuonedwa poyamba, wogulitsa wina adzanena za nambala, wina za pointer, ndipo onse ali pa choonadi. Postcondition yake isakhale yakuti yankho lifanane ndi ili, koma yakuti yankho likhale limodzi mwa awa. Chimodzimodzi ndi dongosolo la maitanidwe: ngati n'zololedwa kudziwitsa PduR musanaitane Can_Write kapena mutaitana, modelo inene kuti zonse ziwiri zichitike, motsatana mulimonse. Gulu la ntchitoyi linachita kupanga kachinenero kapadera kofotokozera ma mock pa chifukwa chomwechi, kuti kazitha kunena kuti ichi chitsogole, izi zibwere mulimonse, apa chimodzi mwa ziwiri.

Nthawi nayo imavuta. Magawo a AUTOSAR samayang'ana wotchi. Amawerenga kangati komwe main function yawo, function yoitanidwa mobwerezabwereza pa nthawi zoikika, yaitanidwa. Ngati nthawi yodikira ndi ma millisecond 100 ndipo main function imaitanidwa pa ma millisecond 10 aliwonse, kodi nthawi yatha pa kuitana kwa nambala 10 kapena kwa nambala 11? Zimatengera ngati wolemba amachotsera kaye kenako n'kuona, kapena amaona kaye kenako n'kuchotsera. Modelo ikalola zonse ziwiri, iyenera kutsatira zomwe khodi yachitadi posintha kaundula wake, apo ayi imasochera pa masitepe onse otsatira.

Koma kumasula nako kuli ndi mtengo. Ufulu uliwonse wowonjezedwa mu modelo ndi khomo lomwe vuto lenileni lingadutsirepo. Kumasula modelo kuti mayeso angodutsa, popanda lamulo la m'chikalata lovomereza, ndi kukopera yankho kuja m'chovala china.

Vuto limodzi kubisa anzake

Mayeso achisawawa amakonda kupeza vuto lofupika kulifikira, ndipo kupeta kumabweza zolephera zambiri ku vuto lomwelo. Wogulitsa sakonza tsiku lomwelo. Khodi yatsopano imatha kubwera patapita masabata. Kudikira n'kutaya nthawi. Njira imodzi ndi kuika precondition yongoyembekezera yoletsa masitepe ofikitsa ku vutolo, monga kuletsa kusakaniza ma ID pa mzere. Kuipa kwake n'kwakuti chilichonse chobisala kuseri kwa masitepewo sichiyesedwanso. Njira yabwinoko ndi kulemba vutolo mu modelo momwemo ngati nthambi yokhala ndi switch: ikayatsidwa, modelo imasanja molakwika mofanana ndi khodi ya wogulitsayo, ndipo mayeso amapitirira kukafika kwina. Mndandanda wa ma switch oyaka umakhala lipoti la zomwe wogulitsayo wapatuka pa muyezo. Pa mayeso olandirira khodi, onse ayenera kukhala ozima, ndipo ili ndi sitepe yoyenera kuonedwa ndi munthu wachiwiri, chifukwa switch yoiwalika imavomereza vuto lodziwika kale.

AUTOSAR imalolanso wogulitsa kuphatikiza magawo angapo kukhala chinthu chimodzi, kotero kuti maitanidwe apakati pawo saoneka kunja. Mamodelo nawo amayenera kulumikizika: kuitana komwe modelo ya gawo lina ikuyembekeza kumakhala sitepe ya modelo ya gawo lotsatira, ndipo ma mock amatsala m'mphepete mokha.

Kuyesa woweruzayo

Popeza mzere uliwonse wa modelo uli ndi nambala ya lamulo, n'zotheka kuwerenga malamulo omwe mayeso anadutsamo. Lamulo lomwe silinakhudzidwe n'kamodzi komwe likuloza ku kasankhidwe ka masitepe kapena ku configuration. Koma kudutsa pa lamulo si kuliyesa. Njira yotsimikizika ndi kuwononga dala: tengani khodi yomwe ikudutsa, sinthani chizindikiro cha kuchepa chikhale cha kukula pa kusanja, kapena chotsani mzere wozimitsa bit, n'kuyendetsa. Mayeso akadutsabe, woweruzayo ndi wakhungu pa lamulo limenelo.

Pali zomwe njirayi siiona ngakhale itachitidwa bwino. Khodi ikuyenda pa kompyuta wamba, choncho interrupt (hardware kudukiza pulogalamu mwadzidzidzi) yogwa pakati pa CanIf_Transmit pamene mzere ukusinthidwa sichitika. Compiler, chida chomasulira khodi kuti makina aiyendetse, nayo ndi ina. Kukula kwa int kumatha kusiyana ndi kwa pa microcontroller yaing'ono ya ma bit 16. Ndipo mock imachita zomwe chikalata chimanena za driver, osati zomwe hardware yeniyeni imachita. Zimenezi zimafuna mayeso a pa ECU yeniyeni.

Configuration yoyesera

Mu AUTOSAR ma ID sasankhidwa pulogalamu ikuyenda. Amalembedwa m'mafayilo a configuration a mtundu wa ARXML, ndipo chida cha wogulitsa chimapanga khodi ya C kuchokera m'menemo. Modelo imawerenga configuration yomweyo, ndipo imangosankha pakati pa mauthenga omwe alimo. Configuration ikakhala ndi ma ID aafupi okhaokha, vuto la bit lija silingapezeke ngakhale mayeso atayenda mwezi wathunthu. Configuration yoyesera imakonzedwa dala, yosiyana ndi ya galimoto yeniyeni: bokosi lotumizira limodzi kuti lizidzaza msanga, mzere waufupi wa malo 2 kapena 3 kuti kudzaza kwake kuzioneka, ndi ma ID osankhidwa kuti aliyense agwire cholakwa chake.

Pa kusanja, magulu anayi a awiriawiri amakwanira, onse akugwiritsa ntchito mzere umodzi. Yaifupi 0x003 ndi yaitali 0x00000002: yaitali ipite, ndipo izi zimagwira bit yosazimitsidwa. Yaifupi 0x100 ndi yaitali 0x00000500: yaitali ipite, zomwe zimagwira khodi yozimitsa bit koma yosakankha ndi 18. Yaifupi 0x001 ndi yaitali 0x1FFFFFFF: yaifupi ipite. Gulu limeneli limagwira khodi yosunga ID m'nambala yolola negative, momwe bit yapamwamba imasandutsa ID yaitali iliyonse kukhala yochepera ziro n'kumapambana nthawi zonse. Khodi yotere imadutsa magulu awiri oyamba bwinobwino. Lomaliza ndi yaifupi 0x100 ndi yaitali 0x04000000, zomwe zimafanana ndendende zikakankhidwa. Yaifupi iyenera kupita, ndipo mayeso ayenera kuzilowetsa pa mzere m'madongosolo onse awiri, chifukwa khodi yongosunga woyamba kufika pakakhala kufanana imadutsa yaifupi ikafika poyamba, n'kulephera pokhapokha yaitali itatsogola.